Khola la agalu osowa eni likadzaza: chifukwa chake ena amaphedwa

Galu akaluma mwana m'komboni, kaya ku Kapata, ku Mchini kapena ku Nabvutika kuno ku Chipata, mawu amene amamveka pamsika ndi pa wailesi amakhala awiri. Ena amati khonsolo iitane apolisi adzawombere agalu onse oyendayenda. Ena, amene mtima suwalola kuona zimenezo, amati pamangidwe khola lalikulu loti agalu ndi amphaka osowa eni azisungidwamo mpaka atapezeka wowatenga. Maganizo achiwiriwa ndi aumunthu ndithu. Koma maiko amene akhala ndi makola otere kwa zaka zambiri anaona chinthu chowawa: khola likangodzaza, ndilo limakhala malo amene ziweto zimaferamo kwambiri, zina ndi matenda, zina ndi jekeseni wa dokotala. Ogwira ntchito m'makolamo si ankhanza ayi, ambiri analowa ntchitoyo chifukwa chokonda ziweto. Chimene chimawafikitsa pamenepo ndi masamu, ndipo masamu ake ndi osavuta.

Makola amenewa ali mitundu iwiri. Lina ndi lolandira chiweto chilichonse chimene chafika pageti, monga amakhalira makola a makhonsolo m'maiko ambiri: galu wokalamba, wolusa, wa mphere, ana asanu m'katoni, onse amalowa. Lina ndi la mabungwe odzipereka, limene limatha kunena kuti tadzaza, mubwere mwezi wamawa. Kufupi ndi kwathu kuno, mabungwe odziwika pa ntchito yosamalira ndi kupezera agalu mabanja ndi monga Lusaka Animal Welfare Society ku Lusaka, ndi Lilongwe Society for the Protection and Care of Animals tsidya la malire a Mwami, yomwe inayamba mu 2008. Kusiyana kwa mitundu iwiriyi kuli ndi tanthauzo. Khola lotha kubweza chiweto limatha kunena kuti silipha kawirikawiri, ndipo limanena zoona, koma galu amene wabwezedwa pageti amakhala alipobe. Amakathera ku khola lolandira zonse, kapena mumsewu.

Masamu a khola

Kuchuluka kwa ziweto zimene zili m'khola tsiku lililonse kumadalira zinthu ziwiri: zingati zikulowa pa tsiku, ndiponso chilichonse chimakhala masiku angati chisanatuluke. Mukachulukitsa ziwirizi mwapeza yankho. Tiyerekeze khola la zipinda 40 limene likulandira agalu 2 pa tsiku. Galu aliyense akamakhala masiku 15, m'kholamo muzipezeka agalu 30, malo n'kutsala. Akamakhala masiku 30, muzipezeka agalu 60. Akamakhala masiku 90, agalu 180. Pageti pakufikabe agalu awiri omwe aja pa tsiku. Chasintha ndi kuchedwa kutuluka basi.

Ndiye chifukwa chake kumanga zipinda zina sikuthetsa vuto. Ngati akulowa awiri ndipo akutuluka mmodzi pa tsiku, zipinda 40 zatsopano zidzaza m'masiku 40, kenako mwabwerera pomwe munali, koma tsopano muli ndi agalu ochuluka kawiri oti muwadyetse. Khola lotere linayenera kukhala ngati podikirira basi, koma limasanduka nkhokwe.

Makomo otulukira ndi ochepa. Chiweto chimabwerera kwa mwini wake, kapena chimatengedwa ndi banja latsopano, kapena chimasamutsidwira ku khola lina, kapena chimabwezedwa kumene chinagwidwa chitatemeredwa ndi kutsekedwa kuti chisabereke. Makomo amenewa akachepa mphamvu, latsala ndi imfa.

Palinso cholakwika china chimene omanga makola amachita: amawerenga zipinda n'kuganiza kuti ndiwo malire a khola. Malire enieni ndi manja, madzi, chakudya ndi mankhwala. Mabungwe a ntchitoyi ku United States amawerengera mphindi 15 pa chiweto chimodzi tsiku lililonse, zongotsuka chipinda ndi kudyetsa, osawerengera kupereka mankhwala, kuyendetsa galu, kulandira alendo kapena kulemba m'kaundula. Wantchito amene ali ndi maola 6 enieni a ntchito imeneyi angasamale ziweto 24. Agalu 60 amafuna maola 15 tsiku ndi tsiku, Lamulungu ndi pa Khirisimasi pomwe. Bungwe la madokotala a m'makola, Association of Shelter Veterinarians, linatulutsa malangizo ake mu 2010 n'kuwakonzanso mu 2022, ndipo mfundo yake yaikulu ndi yakuti khola lisasunge ziweto zoposa zimene lingathe kuzisamala bwino, ngakhale zipinda zopanda kanthu zikuoneka. Zipinda zina ziyenera kukhala zopanda kanthu mwadala, kudikira wodwala amene afunike kupatulidwa usiku.

Zimene kuthithikana kumachita

Matenda ndiwo amayamba kuonekera, ndipo awiri ndi amene amaopsa kwambiri kwa agalu.

Parvo amagwira makamaka ana agalu. Galu amasiya kudya, amasanza, amatsegula m'mimba mwa magazi monunkha zedi, thupi n'kutha madzi. Zizindikiro zimaoneka pakadutsa masiku 3 mpaka 7 chitengereni kachilomboko, nthawi zina mpaka masabata awiri, kotero kagalu kolowa kakuoneka kathanzi kakhoza kukhala katanyamula kale. Opanda chithandizo ambiri amafa. Olandira diripi, mankhwala oletsa kusanza ndi chisamaliro cha usana ndi usiku ambiri amachira, koma chithandizocho ndi cha masiku angapo ndipo chimadya ndalama ndi manja. Galu mmodzi angathandizidwe. Agalu khumi ndi asanu odwala nthawi imodzi, khola losauka silingakwanitse. Choipitsitsa n'chakuti kachilomboka n'kolimba: kamakhala m'dothi miyezi yambiri, mpaka chaka, kamayenda pa nsapato, pa tsache, pa mbale ndi m'manja mwa wantchito. Pansi pa dothi sipatsukika. Khola lopanda simenti likalowa parvo, kagalu kalikonse kosatemera kamene kadzaikidwe pamenepo kali pangozi.

Kutsuka kwake nakonso kuli ndi njira. Choyamba kuchotsa chimbudzi chonse, kenako kukwecha ndi sopo, kutsukuluza, ndiye kuthira mankhwala. Mankhwala oyeretsera a mtundu wa Jik okhala ndi mphamvu ya 5 pa 100 amasungunulidwa muyeso umodzi ku miyeso 32 ya madzi. Jik wamba wa m'sitolo mphamvu yake ndi 3.5 pa 100, choncho lita imodzi imapita m'chigubu cha malita 20. Madziwo akhale pansi mphindi 10, kenako atsukuluzidwe, chipinda chiume galu asanabwerere. Kuthira Jik pamwamba pa chimbudzi ndi kutaya ndalama, chifukwa zonyansa zimapha mphamvu yake, ndipo wosungunula kale sagonekedwa, apangidwe watsopano tsiku lililonse. Tsono taonani pamene kudzaza kumalowerera: kuti mutsuke motere, galu ayenera kukhala ndi poti apite kwa theka la ola. Zipinda zonse zikadzaza, wantchito amangothira madzi galu ali momwemo, pansi sipauma, tizilombo n'kumwazikira ku chipinda choyandikana kudzera m'ngalande.

Distemper ndi wosiyana. Kachilombo kake sikakhalitsa kunja kwa thupi, koma kamayenda mumpweya galu akatsokomola, ndipo galu wochira amatha kupatsirabe anzake kwa masabata ambiri. Amayamba ngati chimfine, mamina ndi manthongo, kenako chifuwa, kutsegula m'mimba, ndipo ena pambuyo pake amayamba kunjenjemera minofu ndi kugwa ngati akhunyu. Pa msinkhu umenewo n'kovuta kumusiyanitsa ndi wa chiwewe pongomuyang'ana. Poti matendawa amabisala nthawi yaitali asanaoneke, pomwe muzindikire mmodzi, khola lonse lakhudzidwa kale. Pakatere makola ena amafika popha ziweto zonse za mbali imodzi, zodwala ndi zosadwala zomwe, kuti ayambirenso.

Chitetezo chilipo ndipo n'chodziwika: katemera wa parvo ndi distemper abayidwe pageti pomwepo, tsiku lolowa, osadikira mawa. Ana agalu amabwerezedwa masabata awiri alionse mpaka atakwana miyezi inayi kapena isanu, chifukwa chitetezo chimene anayamwa kwa mayi awo chimatha kulepheretsa katemera woyamba. Katemerayo amafuna firiji, ndipo amene akudziwa za kuzimazima kwa magetsi akudziwa kuti ndi nkhani ina payokha.

Amphaka vuto lawo lalikulu ndi chimfine. Ambiri amakhala ali nako kale kachilombo kogona m'thupi, kamene kamadzuka mphaka akasautsika mtima: kusamutsidwa chipinda, phokoso la agalu, kusowa pobisala, mbale ya chakudya kukhala pafupi ndi pochitira chimbudzi. Akatswiri a pa yunivesite ya California ku Davis anaonetsa kuti kupatsa mphaka malo okulirapo, a zigawo ziwiri, kumachepetsa chimfinechi. Zotsatira zake zimadabwitsa poyamba: khola losunga amphaka ochepa pa nthawi imodzi limatha kupulumutsa ochuluka pa chaka, chifukwa sadwala ndipo amatuluka msanga.

Kwathu kuno onjezanipo mphere, nkhupakupa ndi malungo ake, utitiri, njoka za m'mimba, mphutsi zolowa pakhungu zimene zimakonda mchenga wonyowa ndi mkodzo nthawi ya dzinja, ndi chotupa chotuluka magazi kumaliseche chimene agalu amapatsirana pokwerana. Chotupachi chimachizika ndi jekeseni wa vincristine wa sabata ndi sabata, kawirikawiri kanayi mpaka kasanu ndi kamodzi, kutanthauza kuti galuyo agwira chipinda mwezi wathunthu kapena kuposa.

Kenako khalidwe limasintha. Agalu osadziwana akaikidwa asanu m'chipinda cha awiri, amphamvu amadya, ofooka amaonda ali pakati pa chakudya. Ndewu za usiku zimasiya mabala, nthawi zina mtembo. Galu amene analowa wofatsa amayamba kuzungulirazungulira, kuuwa kosaleka, kulumphira waya munthu akamadutsa. Ndani angamutenge wotere? Ndipo ngati aamuna ndi aakazi sanapatulidwe kapena kutsekedwa, khola lomwe linamangidwa kuti lichepetse agalu limayamba kubereketsa.

Zonsezi zimabwerera ku masamu aja. Wodwala satengedwa, choncho amakhalitsa. Akakhalitsa, khola limadzaza kwambiri. Likadzaza kwambiri, odwala amachuluka.

Kupha mwachifundo: liti, ndani, motani

Zifukwa zophera chiweto m'khola zili zitatu, ndipo si bwino kuzisakaniza. Choyamba ndi kuvutika kosachizika: msana wothyoka pogundidwa ndi galimoto, khansa yofalikira, distemper wofika ku ubongo. Apa madokotala ambiri sakayika, kuchedwa ndiko nkhanza. Chachiwiri ndi ngozi kwa anthu: galu wa zizindikiro za chiwewe, kapena wolusa kwambiri moti sangapatsidwe kwa banja lililonse. Chachitatu ndicho chimene kudzaza kumabala: chiweto chathanzi, kapena cha matenda ochizika, chikuphedwa chifukwa palibe malo, ndalama kapena manja.

Malire a zifukwa zitatuzi amasuntha khola likamadzaza. Mphere zimachizika m'masabata ochepa, ndipo khola la malo lingadikire. Khola lodzaza limalemba galu yemweyo kuti ndi wodwala n'kumupha, ndipo m'kaundula zimaoneka ngati chifukwa choyamba chikhalirecho ndi chachitatu. Amene amayamba kusankhidwa ndi okalamba, amantha, aakulu thupi, okhalitsa, ndi ana osatsegula maso amene alibe mayi, poti amenewa amafuna kuyamwitsidwa pa botolo maola awiri kapena atatu alionse usiku wonse. Khola loyendetsedwa bwino limalemba malamulo a kasankhidwe nthawi ya mtendere, lisanadzaze, ndipo chigamulo sichisiyidwa pa mutu wa munthu mmodzi.

Kachitidwe kovomerezeka ndi ka dokotala wa ziweto. Chiweto chimayamba chabayidwa mankhwala ogonetsa, makamaka ngati n'chamantha, kuti chisalimbane ndi ochigwira. Chikafooka, amameta pang'ono mwendo wakutsogolo n'kubaya mumtsempha mankhwala otchedwa pentobarbital ochuluka kuposa ogonetsera. Chimakomoka m'masekondi ochepa, kupuma kumaleka, mtima n'kuima m'mphindi zochepa. Nthawi zina thupi limakoka mpweya kamodzi kapena minofu kugwedezeka chitakomoka kale, zimene zimaopsa amene sanauzidwe. Dokotala amatsimikiza imfa pomvetsera mtima ndi kukhudza diso, osangoyang'ana. Ziweto zina zisaonerere. Mankhwalawa ndi otetezedwa ndi lamulo, amasungidwa mokiya ndipo mlingo uliwonse umalembedwa.

Mtembo ukatero umakhala ndi poizoni. Ukatayidwa padzala, agalu ena, afisi ndi miimba zodya nyamayo zikhoza kufa. Uyenera kutenthedwa kotheratu kapena kukwiriridwa m'dzenje lakuya, dothi la pamwamba losachepera mita imodzi, kutali ndi chitsime ndi dambo.

Kuthira poizoni m'nyama, kaya strychnine kapena Temik amene akuba amaphera agalu a m'mayadi, si kupha mwachifundo ngakhale pang'ono. Chiweto chimafa chikuphupha chili maso, ndipo nyamboyo sisankha: imapha mphaka wa mnansi, nkhumba, ngakhale mwana woitola. Kumiza ana agalu m'thumba ndi chimodzimodzi. Dziko la Zambia lili ndi lamulo loletsa nkhanza kwa nyama, Prevention of Cruelty to Animals Act, Chaputala 245.

Pali mtolo wina umene sulembedwa m'kaundula. Amene amagwira galu pobayidwa ndi yemwe wakhala akumudyetsa miyezi itatu, ndipo galuyo amamugwedezera mchira. Antchito otere amatopa mumtima, ena amasiya ntchito, ndipo akasiya manja amachepa, mphindi 15 zija n'kusowa.

Kodi kungokana kupha sikungathetse nkhaniyi?

Ku United States, m'zaka za m'ma 1970, akatswiri ankayerekeza kuti agalu ndi amphaka pakati pa 12 miliyoni ndi 20 miliyoni ankaphedwa m'makola chaka chilichonse. Pofika cha m'ma 2019, bungwe loteteza ziweto la ASPCA linkayerekeza kuti ndi pafupifupi 920,000 mwa ziweto 6.3 miliyoni zolowa m'makola pa chaka. Kutsika kumeneku kunabwera makamaka chifukwa kutseka ndi kuthena ziweto kunakhala chizolowezi, zolowa pageti zinachepa, ndipo anthu anazolowera kukatenga galu ku khola m'malo mogula. Gulu lolimbikitsa makola osapha, lomwe linakula kuchokera ku San Francisco m'zaka za m'ma 1990, nalonso silinena kuti pasafe chiweto n'chimodzi chomwe. Muyeso wake ndi wakuti 90 pa 100 zilizonse zituluke zamoyo, zotsalazo n'kukhala zovutika kosachizika ndi zoopsa.

Kumene lonjezo losapha linaperekedwa popanda kuchepetsa zolowa kapena kukulitsa makomo otulukira, zotsatira zake zimadziwika: ziweto zounjikana zaka ndi zaka, zikufa ndi matenda ndi ndewu m'malo mwa jekeseni. Imfa yotere ndi yowawa kuposa, kungoti palibe amene anaisainira. Ife tikuona kuti khola limene likukana kupha galu wovutika pofuna kuti chiwerengero chake chioneke bwino lalakwira galuyo.

Mbali inayo ikuonekera ku Romania, kumene lamulo la 2013 linalola kupha agalu ogwidwa mumsewu ngati palibe wowatenga pakatha masiku 14 a ntchito, ndi ku Turkey, kumene mu Julayi 2024 nyumba ya malamulo inalamula makhonsolo kusonkhanitsa agalu a mumsewu m'makola. Boma la kumeneko linkayerekeza agalu pafupifupi 4 miliyoni, pamene makola onse anali ndi malo a agalu ongopitirira pang'ono 100,000. Otsutsa lamulolo sanafunike ulosi kuti aone kumene likupita.

Nanga kuno ku Chipata?

Chinthu choyamba kuchivomereza n'chakuti agalu ambiri amene timawatcha osokera ali ndi kwawo. Galu wa ku komboni ya Magazine amene mwamuona pa mulu wa zinyalala masana, madzulo akagona pakhonde la munthu, ali ndi dzina, ndipo usiku ndiye mlonda wa nkhuku ndi mbuzi. Kumidzi ya ku Katete, Chadiza kapena Lundazi ndi chimodzimodzi: galu amapita kumunda, kosaka mbewa ndi anyamata, amadya mkute ndi gaga, koma samangidwa. Kusonkhanitsa agalu otere m'khola ndi kulanda ziweto za anthu, ndipo mwini amene sangathe kulipira chindapusa amangopempha kagalu kena kwa mnansi.

Apa ndi pamene khomo la kutengedwa ndi banja latsopano limachepera. Ku London munthu amadzaza mafomu kuti apatsidwe galu wa ku khola. Kuno kagalu kamaperekedwa ulele, kapena posinthana ndi nkhuku, ndipo amene ali ndi ndalama amafuna wa mtundu wa kunja woti azilondera mpanda. Galu wamkulu wachikuda wa ku khola ali ndi omufuna ochepa kwambiri. Khola lalikulu m'tauni ngati yathu lingadzaze m'miyezi yoyambirira.

Gwero la agalu ndi kubereka. Galu wamkazi amayamba nyengo ali ndi miyezi 6 mpaka 12, bere lake ndi la masiku pafupifupi 63, ndipo amatha kulowa m'nyengo kawiri pa chaka. Tingoyerekeza kuti aakazi 100 a m'komboni imodzi abereka kamodzi kokha pa chaka, ana 6 aliyense: ndi ana 600. Ambiri amafa asanakule, ndi njoka za m'mimba, parvo ndi njala, n'chifukwa chake ziwerengero zimene zimayenda pa intaneti zoti galu mmodzi amabala zikwi makumi m'zaka zochepa n'zokokomeza. Koma otsalawo ndi okwanira kudzaza khola lililonse. Mphaka ndiye amafulumira kuposa: amatha kutenga bere ali ndi miyezi inayi kapena isanu, n'kubereka kawiri kapena katatu pa chaka.

Kuwombera nako sikusintha masamuwa. Lamulo la Control of Dogs Act, Chaputala 247, limapereka mphamvu pa kulembetsa, kutemera ndi kuchotsa agalu, ndipo makhonsolo amagwiritsa ntchito mfuti chiwewe chikabuka. Koma kuchuluka kwa agalu pamalo kumatsata chakudya ndi kufuna kwa anthu: zinyalala za m'misika, zotaya za kophera nyama, ndi nyumba iliyonse yofuna mlonda. Mukachotsa agalu n'kusiya zimenezi, otsala amadya bwino, ana awo ambiri amakula, ena amabwera kuchokera kwina. Komanso amene amawombereka mosavuta ndi ofatsa, omwe nthawi zambiri ndi amene anagwirika pa tsiku la katemera. Olowa m'malo mwawo amakhala ana osatemera. Bungwe la World Health Organization linanena kale kuti palibe umboni woti kungochotsa agalu kumachepetsa chiwerengero chawo kapena chiwewe mokhalitsa.

Chimene chimathetsa chiwewe ndi kutemera agalu 70 pa 100 alionse a m'dera, chaka ndi chaka. Matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 pa chaka padziko lonse, ambiri mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi 4 mwa 10 alionse ndi ana osakwana zaka 15. Kuti zimatheka m'mizinda ngati yathu zinaoneka ku Blantyre, kumene bungwe la Mission Rabies lakhala likutemera agalu ochuluka chaka chilichonse kuyambira 2015. Ku Jaipur, dziko la India, ntchito yogwira agalu a mumsewu, kuwatseka, kuwatemera ndi kuwabweza pomwe anagwidwa inayamba mu 1994, ndipo imfa za anthu ndi chiwewe m'dera la ntchitoyo zinatsika mpaka kutheratu. Kutseka kumathandiza katemera motere: agalu akamabadwa ochepa n'kumakhala moyo wautali, otemeredwa chaka chino amakhala alipobe chaka chamawa.

Chigawo chathu chili ndi chifukwa china chapadera. Midzi ya ku Mambwe ili m'mphepete mwa South Luangwa, kumene kuli mimbulu ndi mikango, ndipo chiwewe ndi distemper zimachoka kwa agalu a pakhomo kupita ku nyama zimenezi. Ku nkhalango ya Serengeti, dziko la Tanzania, mu 1994, distemper anapha pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mikango.

Za kutseka, pali zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri. Galu wamphongo sathenedwa ndi mpira kapena mpeni wa pakhomo ngati mbuzi. Ndi opaleshoni ya dokotala, galu atagonetsedwa. Wamkazi amachotsedwa chiberekero ndi mazira, asadye usiku wa dzulo lake, ndipo bala likhale louma, osalinyambita, masiku 10 mpaka 14. Palibe chifukwa chodikira kuti abereke kaye kamodzi. Kumubaya kapena kumumwetsa mankhwala olera a anthu n'koopsa, chifukwa kumatha kudzetsa mafinya m'chiberekero ndi zotupa za m'mawere. Amene sangafike kwa dokotala amutsekere wamkaziyo m'nyumba yolimba masabata atatu athunthu kuyambira tsiku loona magazi. Ambiri amamumasula magazi akangoleka, osadziwa kuti masiku amenewo ndi amene amalola wamphongo. Kumumanga pamtengo n'kopanda phindu, amphongo amamupeza pomwepo. Ndipo galu wothena amauwabe wakuba. Chimene chimachepa ndi kuyendayenda kofuna akazi ndi ndewu zake.

Khola laling'ono lili ndi ntchito yake

Zonsezi sizikutanthauza kuti tauni isakhale ndi posungira galu. Pakufunika zipinda zochepa, za simenti yotsetsereka, chilichonse ndi ngalande yake, makoma olimba pakati kuti agalu asakhudzane mphuno, mthunzi, madzi odalirika, ndi chipinda cha odwala chotalikirana ndi zina chokhala ndi tsache, ndowa ndi nsapato zakezake. Chiweto chilichonse chilembedwe tsiku lolowa, kumene chagwidwa ndi tsiku loyenera kutuluka. Chithunzi chake chipite pa magulu a WhatsApp a m'deralo ndi kwa wailesi tsiku lomwelo, poti galu wotayika amapezeka mosavuta m'masiku oyamba. Ana agalu ndi bwino akaleredwe m'makomo mwa anthu odzipereka kusiyana ndi kugona m'khola. Ogwira ntchito alandire katemera wa chiwewe asanayambe, chifukwa galu wosadziwika mbiri akhoza kubisa matendawa kuyambira masabata awiri mpaka miyezi ingapo.

Ntchito yaikulu ya zipinda zotere ndi galu amene waluma munthu. Wolumidwayo atsuke bala ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, apite kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo nkhaniyo ikanenedwe ku ofesi ya a vetenale pamodzi ndi chikalata cha katemera wa galuyo ngati chilipo. Galuyo, ngati akuoneka wathanzi, asaphedwe mwaukali. Atsekeredwe payekha masiku 10, akudya ndi kumwa, akuonedwa tsiku lililonse. Galu amene anali ndi chiwewe m'malovu pa tsiku loluma amadwala kapena kufa mkati mwa masiku amenewa, kotero akawadutsa ali bwino, banja la wolumidwa limadziwa kuti sanawapatsire. Katemera wa munthu asaimitsidwe podikira masikuwo, za kupitiriza kapena kuleka anene ndi achipatala. Galuyo akayamba kusintha, kudontha dovu, kulephera kumeza, kuluma chilichonse kapena kufa ziwalo, a vetenale amupha, ndipo mutu wake usaphwanyidwe kapena kuwomberedwa, chifukwa ubongo ndi umene umapimidwa. Umanyamulidwa mozizira ndi anthu ovala magolovesi kupita ku labotale ya ziweto, monga ya Central Veterinary Research Institute ku Balmoral, kufupi ndi Lusaka.